Masipika Awiri ndi Khutu Langa Lakumanzere

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha poti mulibe chachilendo: ndidaweta mbuzi, ndidapita kusukulu, ndidakula. M'mutu uno ndikufuna ndikuuzeni za masipika awiri ataliatali amene aima pabalaza pathu pa Namitete, omwe mukabwera mumaikapo makapu a tiyi ine n'kumakalipa. Inu mumangodziwa kuti adatigulira ndi Tiyamike, mwana wathu woyamba. Chimene enanu simudziwa n'chakuti pa nthawi imene tinkawagula, ine ndi mayi anu, aNachisale, tidali titatha zaka tikukhala m'nyumba imodzi ngati anthu ongokumana pa depoti, ndipo ine ndidali nditatsimikiza mumtima kuti adasiya kundikonda. Kuti mumvetse bwino, tiyambire pa galimoto ya kanema.

1979, Nsaru

Ntchito yanga yoyamba ndidaipeza ku ofesi ya zaulimi, ndipo adanditumiza pa Nsaru kuti ndikakhale wachiwiri pa galimoto yoonetsa kanema m'midzi. Inu a masiku ano kanema muli naye m'thumba, koma nthawi imeneyo galimoto yathu ikangotulukira fumbi lili koboo, anthu ankasiya makasu m'munda. Tinkamanga chinsalu choyera pakati pa mitengo iwiri, kuliza jenereta, ndipo dzuwa likangolowa tinkaonetsa za kabzalidwe ka chimanga, kasamalidwe ka nazale ya fodya ndi kaumitsidwe ka mtedza. Kumapeto tinkaika yoseketsa, ndipo kunena zoona ndi imene anthu ankadzera.

Bwana wanga adali a Gwaza, munthu wamfupi, wamimba, wosaseka ntchito isanathe. Tsiku loyamba adandipeza ndikupukuta galasi la makina a kanema mwachikondi ngati ndikusambitsa khanda. Adati, "Iwe, siya zimenezo. Chithunzi chikachita mdima anthu amakhululuka, koma mawu akatayika amanyamula mphasa n'kumapita. Ntchito yathu ndi mawu." Kenaka adandiphunzitsa kayesedwe kawo. Mmodzi ankatsala pa maiki akuwerenga malangizo a feteleza, wina n'kumayenda chafutambuyo mpaka kumapeto kwa bwalo, kuseri kwa mtengo womaliza. Ukafika poti mawu ayamba kusokonekera, unkakweza dzanja, ndipo mnzako ankawonjezera. "Sitiikira mawu abwana okhala pamipando kutsogoloku," ankatero a Gwaza. "Tiikira mayi waima kumapeto uko ndi mwana kumbuyo, amene wayenda mtunda wautali ndipo wachedwa."

Zosowa zidali zambiri. Babu la makina tinkalikulunga mu sokosi ngati dzira, chifukwa likapsa tinkadikira miyezi. Pepala lonjenjemera la m'kati mwa sipika yathu yaikulu litang'ambika, tidalimata ndi kansalu ndi sulushoni womatira machubu a njinga, ndipo idagwirabe ntchito zaka. Koma chimene chidandipweteka, ngakhale sindidadziwe pa nthawiyo, ndi waya. Waya wa sipika yaikuluyo udali waufupi, kotero bokosi lake linkaima pafupi ndi tebulo la makina, kumanzere kwa woyendetsa. Tidalemba kalata yopempha waya wautali, ndipo ndikhulupirira kuti kalatayo ikadali m'kabati ina kulikulu.

Mayi anu ndidawaona koyamba ku Nambuma. Adabwera kudzandiuza, mosaopa, kuti chinsalu ndamanga chopendekera. Tidakwatirana patatha zaka ziwiri. Inu mudawadziwa ngati mayi wolamula ndi maso, koma kwa ine adali munthu wankhani. Ndikabwera kuchokera ku ulendo wa masabata awiri, ankandikhazika pansi n'kuyamba kufotokoza zonse zimene ndaphonya: mbuzi ya yani idadya mbewu za yani, ndani wapita kwawo atakwiya, Tiyamike wanena mawu anji atsopano. Sankakweza mawu. Nkhani zawo zinkangogwa pang'onopang'ono ngati mvula yamawawa, ndipo ine kutopa konse kunkatha.

1988, Kabudula

Chaka chimenechi adandikweza kukhala woyang'anira galimoto, nanditumiza ku Kabudula. Ndidakondwa, koma chisangalalo chake chidali ndi fupa, chifukwa mpandowo udali wa a Gwaza. Iwo adali atagontha. Adayamba ndi kufunsa kawirikawiri kuti "mwati?", kenaka kuyankha zosiyana ndi funso, mpaka akuluakulu adawachotsa pa galimoto n'kuwaika mosungira katundu kuti aziwerenga makasu. Nditapita kukawaona, ndidawapeza atakhala pa thumba la mbewu, akundiyang'ana pakamwa osati m'maso. Adandigwira dzanja nati, mokuwa ngati ndili kutsidya kwa dambo, "Uziika thonje m'makutu, wamva?" Ndidavomera ndi mutu. Thonjelo sindidaikepo n'kamodzi komwe, poti munthu woyesa mawu sangatseke makutu.

Ku Kabudula tinkaonetsanso m'maesiteti a fodya, kumene kudali matenanti ochokera ku Mulanje, ku Machinga ndi kwina kutali. Anthu amenewa ankabwera ndi mabanja onse, bwalo n'kudzaza mpaka m'mizere ya fodya, ndipo ine ndinkakweza mawu mpaka malire kuti wakumapeto amve. Ndinkanyadira zimenezi. Anthu ankati kanema wa galimoto yathu amamveka midzi itatu. M'zaka zimenezo ndi m'mene nyenje idalowa m'khutu langa lakumanzere. Poyamba inkalira ndikangomaliza ntchito, m'mawa n'kukhala chete. Kenaka idamanga nyumba.

Patapita zaka zingapo kudabwera uthenga woti onse a pa magalimoto a kanema akayezetse makutu kuchipatala. Apa ndi pamene ndidapanga chosankha chovuta pa ntchito yanga yonse. Ndinkadziwa chimene akapeze, ndipo ndinkadziwa kumene amaika anthu otero. Pa galimoto pankakhala kangachepe ka maulendo kamene kankathandiza kusukulu, inu muli anayi, awiri ali ku sekondale. Komanso, ndisabise, sindinkafuna kukhala pa thumba la mbewu. Tsiku loyezetsalo ndidadzikonzera ulendo wa ku Chiwamba, n'kulemba kuti alimi akumeneko adapempha mwachangu. Mayi anu adazindikira. Adandifunsa akundipakirira zovala, "Bambo a Tiya, bwanji osangopita akakuoneni?" Ndidayankha kuti, "Makutu amenewa ndiye khasu langa. Munthu sapereka khasu lake kwa woyeza kuti alitaye." Iwo adangoika sopo m'chikwama. Mpaka lero sindidziwa ngati ndidalakwa, poti nonse mudamaliza sukulu. Chimene ndidziwa n'chakuti kuyambira tsiku limenelo ndidaphunzira kubisa, ndipo ndidakhala katswiri. Pamisonkhano ndinkasankha mpando wa kumapeto kumanzere, ndikaona anthu akuseka ndinkaseka nawo.

Magalimoto a kanema adatha pang'onopang'ono, ina kusowa matayala, ina kusowa mafuta, mpaka yathu idakhala pogona nkhuku kuseri kwa ofesi. Zaka zomaliza ndinkangomanga zokuzira mawu pa zionetsero za ulimi.

2010, Namitete

Nditapuma pa ntchito tidabwera kuno, m'nyumba imene tidamanga pang'onopang'ono. Pabalaza tidaika mipando iwiri yoyang'ana kukhomo. Mayi anu adasankha wa pawindo chifukwa cha kuwala, poti amakonda kusenda mtedza ndi kusoka atakhala. Mpandowo udali kumanzere kwa wanga. Palibe adaganizapo kanthu.

Tsiku lina mayi anu adandiuza poyera kuti ndipite kuchipatala chifukwa sindikumva bwino. Ndidapsa mtima zosaneneka. Ndidawauza kuti makutu amenewa ndi amene adamanga nyumba imene akhalamo, ndipo aliyense wonditchula gonthi achite kutuluka. Ndikulemba mawu amenewa ndi manyazi, koma ndidawanena. Sadabwerezenso.

Kenaka kudabwera matenda a chithokomiro, ndipo mukukumbukira opaleshoni ya pakhosi ija. Adachira, koma mawu awo adachepa, adakhala ngati a munthu wonong'ona. Kuyambira pamenepo nyumba idazizira. Ankandiitana kukadya, kundiuza kuti kwabwera alendo, basi. Nkhani zija zidatha. Ndikacheuka ndinkawaona ataweramira lichero, mpango utaphimba tsaya, manja okha akuyenda. Ndidayamba kuwerengera zolakwa zanga: zaka zimene ndinkawasiya okha ndi ana, mawu aja ndidawalalatira. Ndidati basi, mayiyu wandisungira zonse, tsopano akundibwezera ndi chete. Zinkandiwawa kwambiri, ana anga. Munthu umatha kusungulumwa mkazi wako ali pompo, ndipo kusungulumwa kumeneko kumaposa kwa paulendo. Koma kufunsa sindidafunse, poti ndine mwana wa bambo anga. Ndinkangokweza wailesi.

2023, ulendo wa ku Lilongwe

Magetsi atafika kuno, Tiyamike adatibweretsera TV. Mawu ake adali ngati a udzudzu. Ndidamuitanira kuseri n'kumuuza kuti, "Nyumba ino yasanduka manda. Mayi ako salankhula nane. Mwina titakhala ndi masipika enieni, oima pansi, tizionera limodzi kanema, tizimvera makwaya amene amawakonda, mtima wawo ungafewe." Adandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kunena kanthu, koma adangoti, "Chabwino abambo, ndigula." Ndidati kugula agule iye, koma kusankha ndisankha ine, chifukwa m'banja muno wodziwa mawu ndi mmodzi. Tidanyamuka atatu Loweruka m'mawa, ine nditavala jekete, m'thumba muli fulashi ya nyimbo za kwaya ndi kanema wa anthu olankhula kwambiri.

Sitolo ziwiri zoyamba ndidazisiya zikundidandaula. Ndinkagogoda bokosi lililonse ndi chala, poti bokosi labwino limayankha ngati chitseko cha mlombwa, loipa ngati ndowa yopanda madzi. Ndinkalinyamula kuti ndimve kulemera. Amene adali ndi timagetsi tothwanima sindidawayang'ane n'komwe, ndimafuna sipika osati mtengo wa Khirisimasi. Zimenezi ndinkazidziwa ndithu, ndipo mpaka lero ndikuti muzitero. Koma akayatsa, onse ankamveka chimodzimodzi kwa ine, ngati munthu akulankhulira mu mtsuko. Ndinkapotokola kabatani ka mawu akuthwa mpaka kumapeto, kukweza, kenaka n'kuyenda chafutambuyo kutuluka m'sitolo mpaka pamsewu, dzanja lili m'mwamba, anthu ogulitsa malaya akundipatuka. Ndinkayesa masipika a pabalaza ngati ndikuyesa a bwalo la esiteti. Tiyamike adabisa nkhope.

Sitolo yachitatu idali ya mayi wina wachikulire ndithu, wa magalasi, wosapupuluma. Adandifunsa, "Kodi abambo, chipinda chake n'chachikulu bwanji? Muli siling'i kapena ndi malata okha? Mumakhala patali bwanji ndi TV?" Ndidamuuza kuti ine ndayendetsa mawu zaka makumi atatu, asandiphunzitse. Ndidaloza awiri akuluakulu kwambiri, akuda, ofika m'chifuwa. Adawalumikiza, ndidakhala pampando pakati, mayi anu ataima kumanzere kwanga. Ndidakweza mpaka magalasi a sitolo adayamba kunjenjemera, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndidamva mawu a kwaya bwinobwino. Ndidati, "Awa ndiye masipika."

Mayi wa sitolo uja adapita kuseri kwa masipikawo ngati akukonza kanthu, nabwerera, natsitsa pang'ono. Adaima kutsogolo kwanga n'kufunsa, "Nanga pano, mbali zonse zikumveka mofanana?" Ndidatseka maso monga katswiri, ndidapendeketsa mutu, ndidati, "Apa ndiye zakhala bwino. Onse awiri akukoka mofanana ngati ng'ombe za pangolo." Sadaseke. Adazimitsa nyimbo, nawerama pafupi, natambasula dzanja kuti ndione ine ndekha. M'dzanjamo mudali nsonga ya waya wa sipika yakumanzere. Adali atauzula kalekale.

Adati, motsitsa koma akundiyang'ana kuti ndione pakamwa, "Pepani abambo, sikuti ndikuchititseni manyazi. Bambo anga adali a pachigayo, ndiye zizindikiro ndimazidziwa. Ndikakugulitsani awa, inu mudzamva, koma amayiwa adzathawa m'nyumba." Ndidacheuka. Mayi anu adali atagwira makutu ndi manja onse awiri. Tiyamike, misozi ili m'maso, adati, "Abambo, amayi akuuzani katatu kuti mutu ukuwawa. Katatu, ali pambali panu pomwepo."

Akulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma pa nthawiyo sindidaone unansi uliwonse. Ndidatuluka osatsanzika, n'kukakhala pa benchi ya telala wina pakhonde. Patapita kanthawi mayi anu adabwera. Adaima kaye, kenaka adazungulira kuseri kwa benchi n'kudzakhala kumanja kwanga, pafupi kwambiri. Ndidamva mawu awo ngati ndawapeza m'thumba la jekete lakale.

"Bambo a Tiya, mwakwiya?"

Ndidati, "Kodi inu mumalankhula nane?"

"Tsiku lililonse."

"Zaka zonsezi?"

"Nanga ndikadauza yani? Munthu ukazolowera kuuza mwamuna wako zinthu susiya, ngakhale asayankhe. Zoti chakudya chapsa ndimakuwa, ngakhale pakhosi pamawawa. Koma zinazi munthu sakuwa, eti."

Ndidafunsa chifukwa chimene sadazungulire kumanja kalekale, poti adali atadziwa. Adati, "Kuzungulira kukadakhala kukutchulani dzina lija mudaletsa. Ndidati bola ndizilankhula ndekha kusiyana n'kukuchotsani ulemu m'nyumba mwanu." Ndidawauza zimene ndinkaganiza, zoti adandikwiyira, zoti adasiya kundikonda. Adaseka mpaka kutsokomola. "Ine kukwiya zaka zisanu ndi chimodzi osanena? Mwandiiwala, inu." Ine sindidaseke. Ndidalira pakhonde la telala, munthu wamkulu wa jekete, telalayo n'kumapalasa makina ake ngati sakuona.

Tidabwerera m'sitolo. Ndidapepesa kwa mayi uja, ndipo ndidayankha mafunso ake onse ngati mwana wasukulu: chipinda ndi mapazi akutiakuti, siling'i mulibe, timakhala pafupi. Adati masipika akuluakulu aja akadangogwedeza malata, natulutsa ena ocheperapo, ofika m'chiuno, a mtundu wa thabwa. Ndidawagogoda, adayankha bwino, ndipo ntchito yanga idathera pomwepo. Pampando pakati ndidakhazikapo mayi anu. Chimenechi chidandivuta kuposa kusiya galimoto ya kanema, koma ndidati, "ANachisale, makutu a nyumba yathu ndinu. Sankhani." Adamvera mitundu itatu, motsitsa, maso ali chitsekere. Pa wachiwiri adati, "Awa. Ndikumva mayi woimba alito akupuma asanayambe mzere." Pa kanema adati anthu akulankhula ngati ali m'chipinda momwemo. Ine sindidamve kupuma kwa munthu aliyense, koma ndidawakhulupirira.

Tidafika kunyumba dzuwa likadalipo. Mayi wa sitolo adatilangiza kuti masipika asagunde khoma, atalikirane, ndipo ayang'ane kumene timakhala, kotero padafunika kusuntha katundu yense wa pabalaza. Tiyamike akulimbana ndi mawaya, ine ndidanyamula mpando wanga n'kuuika pawindo, wa mayi anu n'kuubweretsa kumanja. Adadandaula kuti ndawalanda kuwala, ndidati ndiwagulira nyale. Za chipatala mukuzidziwa, ndidapita mwezi wotsatira, ndipo kachipangizo kamene ndimavala m'khutu kamathandiza pang'ono. Koma tsiku limenelo ndidali ndisanakapeze.

Tidakhala pansi, Tiyamike atagwira rimoti, akufunsa kuti tiyambe ndi kwaya kapena kanema. Pamenepo ndidamva kumanja kwanga kamawu kakuti, "Pali nkhani imodzi imene ndimafuna mudaimva." Ndidauza Tiyamike kuti asayatse, mayi ake akulankhula. Mwanayo adaika rimoti pansi n'kupita kukhitchini.

Mayi anu adati, "M'mawa uja tinkapita ku opaleshoni, m'minibasi, ndidakuuzani kuti ndikuopa. Ndidati mwina sindidzuka. Inu mudangoyang'ana pawindo. Titafika pa Mpingu ndidabwerezanso, mudangoloza chimanga cha munthu wina n'kunena kuti wachedwa kupalira."

Ndidachikumbukira chimanga chija. Ndidakumbukiranso kuti tsiku limenelo inenso ndinkaopa kwambiri, ndipo ndinkayang'ana pawindo kuti asaone nkhope yanga. Ndiye ndidanena chimene ndikadanena m'minibasimo. Ndidawagwira dzanja n'kuti, "Musaope, aNachisale. Ndili pompano, ndipo tibwerera limodzi."

Adandiyang'ana, napukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Mwachedwa nalo yankho lanu," adatero, "koma ndalandira."

Masipikawo tidawayatsa mawa lake.